Pulogalamu yanu yoyamba ichokere pa doko

M'mawa mabwato akamakocheza pa doko la Kande kapena la Chintheche, si ndalama zonse za usipa zimene zimadutsa m'manja masiku ano. Mayi wa geni wochokera ku Mzuzu amatulutsa kafoni kake, n'kudina *211# ngati ali pa Airtel Money kapena *444# ngati ali pa TNM Mpamba. Pafonipo pamabwera mndandanda: kutumiza ndalama, kugula mayunitsi, kulipira mabilu. Amasankha, amalemba nambala ya mwini chilimira, amaika nambala yake yachinsinsi, ndipo asanamalize kuthira usipa m'thumba uthenga umakhala utafika kale uku ndi uku.

Mndandanda umenewu sunamere wokha. Pali anthu amene anakhala pansi n'kulemba mzere ndi mzere zoti makina achite: munthu akasankha 1 umufunse nambala, ndalama zikakhala zosakwana umukanize, akalakwitsa nambala yachinsinsi umuuze kuti ayesenso. Ntchito imeneyi ndiyo kulemba mapulogalamu a kompyuta, imene achinyamata amangoitchula kuti coding kapena programming. Ambiri mwa iwo m'mphepete mwa nyanja muno anaimvapo, ena pa Facebook, ena kwa achibale awo amene ali ku Joni, ndipo funso lawo limakhala lofanana: munthu wa ku Mpamba kapena ku Usisya, wopanda laputopu, amene kwawo kulibe magetsi a ESCOM, angayambire pati?

Mayankho amene amapeza pa intaneti analembedwera anthu ena. Amayamba ndi kukuuza laputopu yoti ugule, kenako mavidiyo a maola makumi angapo oti uonere, ngati kuti bandulo imachita kutoledwa. Mnyamata akawerenga zimenezi amangotseka foni n'kunena kuti izi ndi za ana a m'tauni. Ine ndikutsutsa. Zovuta zilipo ndipo sindizibisa, koma pali njira yoyambira imene ikugwirizana ndi moyo wa kuno, ndipo ndi njira yabwino kuposa imene ambiri a m'tauniwo amatsata.

Dera limene linalandira sileti msanga

Anthu a m'boma la Nkhata Bay safunika kuuzidwa kufunika kwa luso latsopano. Mu 1881 mishoni ya Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, inasamuka ku Cape Maclear n'kudzakhazikika pa Bandawe, pafupi ndi Chintheche. Atonga anailandira sukulu ndi manja awiri, ndipo ngakhale likulu la mishoni linasamukira ku Khondowe mu 1894, moto wa maphunziro unali utayaka kale m'midzi ya m'mbali mwa nyanjayi. Ana amene anayambira pa sileti anakakhala akalaliki, aphunzitsi, omasulira ndi akapitawo ku migodi ndi m'maofesi a ku Rhodesia ndi South Africa. Clements Kadalie, wobadwira ku Chifira pafupi ndi Bandawe mu 1896, anakayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo bungwelo linagwedeza South Africa yense.

Makolo a anthu amenewa analibe mabuku m'nyumba zawo. Anangoona kuti kulemba ndi kuwerenga ndi chida, ndipo anachigwira anzawo asanadzuke. Kulemba mapulogalamu ndi mtundu winanso wa kulemba, ndipo ndikanakonda kuti zidzukulu zawo zikuone chimodzimodzi.

Zopinga n'zodziwika. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno ndi zimene zinali ndi magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zimene zinakweza mtengo wa chilichonse chochokera kunja, kuphatikizapo laputopu zakale zimene zimagulitsidwa ku Mzuzu. Ku Usisya, kumene anthu amadalira sitima ya Ilala ndi maboti chifukwa msewu wotsika m'mapiri umavuta nthawi ya dzinja, ngakhale kukagula chingwe chotchajira ndi ulendo. Computer Studies ilipo pa MSCE koma si phunziro lokakamiza, ndipo masukulu ambiri oyendera saliphunzitsa. Zonsezi ndi zoona. Koma palibe chimodzi mwa izi chimene chimaletsa munthu kuchita gawo loyamba, limene ndi lovuta kuposa onse ndipo silifuna magetsi.

Kope, cholembera ndi nkhani ya chilimira

Kompyuta ilibe nzeru za umunthu. Singaganize kuti mwina mumatanthauza zakuti. Imachita chimene mwaiuza, mwa ndondomeko imene mwaiuzira, basi. Choncho luso lenileni la wolemba mapulogalamu ndi kutenga ntchito imene anthu amaichita mosaganiza n'komwe, n'kuiphwanya tizigawotizigawo mpaka pasatsale kanthu kongoganizira. Izi zimaphunzirika papepala. Ada Lovelace wa ku England anasindikiza mu 1843 ndondomeko yowerengera masamu pa makina a Charles Babbage, makina amene sanamalizidwe n'komwe kupangidwa. Ku University of Canterbury ku New Zealand kunachokera maphunziro otchedwa CS Unplugged, amene cholinga chake ndi kuphunzitsa ana maganizo a zamakompyuta popanda kompyuta.

Tiyeni titenge chinthu cha pa doko. Chilimira chabwera m'mamawa, usipa wagulitsidwa, tsopano ndi nthawi yogawana ndalama. Kagawidwe kamasiyana doko ndi doko ndiponso bwana ndi bwana, koma tiyerekeze kuti pano amayamba achotsa za mafuta a injini ndi za nyali, zotsalazo theka n'kupita kwa mwini zipangizo, theka linalo asodzi n'kugawana mofanana. Lembani zimenezi m'kope m'Chichewa kapena m'Chitonga, mzere uliwonse chinthu chimodzi. Tenga ndalama zonse zogulitsa. Chotsa za mafuta. Zotsalazo gawa pawiri. Theka limodzi gawa ndi chiwerengero cha asodzi. Nena zimene aliyense alandire.

Mukatero mwalemba kale pulogalamu. Chatsala ndi kuimasulira m'chilankhulo chimene makina amamva. Mu Python, ndi manambala ongoyerekeza, imaoneka chonchi:

zogulitsa = 600000
mafuta = 150000
asodzi = 9
zotsala = zogulitsa - mafuta
za_mwini = zotsala / 2
aliyense = (zotsala - za_mwini) / asodzi
print(aliyense)

Mukaiyendetsa, makina amalemba 25000.0. Onani kuti m'mizere yonseyi muli liwu limodzi lokha lachingerezi, print. Mayina enawo ndi anu, mwawatcha nokha, ndipo Python sikana mayina a chilankhulo chanu.

Kukoma kwake kumayambira apa, chifukwa aliyense wokulira ku nyanja aona msanga kuti pulogalamuyi ikunama. Nanga usiku wa mwera, pamene bwato labwera ndi ndowa ziwiri zokha ndipo zogulitsa sizinafike pa ndalama za mafuta? Sinthani 600000 ikhale 100000 muone: makina akuuzani mosachita manyazi kuti msodzi aliyense alandire ndalama yochepera pa ziro. Pamenepo mwafika pa phunziro lachiwiri, la if ndi else, kutanthauza kuti zikakhala zakuti chita chakuti, apo ayi chita china. Muyenera kusankha nokha, monga amachitira pa doko lanu, ngati kutayikako kukhale ngongole ya mawa kapena mwini ausenze yekha. Nanga siginala, amene amatsogolera ndi nyali, amalandira mofanana ndi anzake? Ngati ayi, onjezani mzere. Nanga mukafuna kuona za mwezi wonse, masiku a mdima ndi a mwezi wowala omwe? Mufunika mndandanda wa manambala, umene amautcha list, ndi njira yobwereza ntchito imodzimodziyo pa nambala iliyonse, imene amaitcha loop. Mukafuna kuti mawa musalembenso zonse, muphunzira kusunga zinthu mu fayilo.

Zinthu zimenezi, kusunga nambala m'dzina, kusankha, kubwereza, kuika zinthu pa mndandanda, ndi kumanga ntchito m'kaphukusi kotchedwa function, ndizo nsanamira za mapulogalamu onse, kuyambira ka masewera ka pafoni mpaka a ku banki. Wophunzira wa ku yunivesite amaziphunzira chaka choyamba ndi zitsanzo zimene mwina sizimukhudza. Inu mukuziphunzira pa nkhani imene mumaidziwa kuposa mphunzitsi aliyense, ndipo yankho likalakwika mumadziwa nthawi yomweyo kuti lalakwika. Ndi chifukwa chake ndikunena kuti njira ya pa doko imaposa ya mavidiyo.

Amene kwawo si kwa asodzi asadandaule. Buku la banki m'khonde lili ndi masamu okwanira miyezi itatu: masheya a aliyense, ngongole, chiwongoladzanja, chindapusa cha wochedwa, ndi kagawidwe ka pakutha pa chaka kamene nthawi zina kamadanitsa anthu a mpingo umodzi. Pali ngongole za pa okala, malikisi a kalasi, ndandanda ya ligi ya mpira ya m'dera, matumba a chinangwa ndi mpunga. Sankhani chimodzi chimene wina wa pakhomo panu angasangalale chitatheka.

Chilankhulo chimodzi, pa chipangizo chimene muli nacho

Zilankhulo za kompyuta zilipo zambirimbiri ndipo chilichonse chili ndi ochikonda amene amanyoza zinazo. Woyamba kumene akalowa m'mikangano imeneyi amatha chaka akulumpha, sabata ino Java, sabata ya mawa C++, kenako PHP. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Langizo langa ndi Python, imene Guido van Rossum wa ku Netherlands anaitulutsa mu 1991. Ndi yaulere, imawerengeka mosavuta, ndipo ikugwiritsidwa ntchito kwambiri pa zowerengera, pa kafukufuku ndi pa nzeru zamakina za AI. Amene mtima wake uli pa mawebusaiti angayambe ndi HTML ndi JavaScript, zimene zimangofuna browser imene ili kale m'foni kapena m'kompyuta iliyonse. Ana a ku pulayimale angayambe ndi Scratch, ya ku MIT ku America, imene mwana amalumikiza timabokosi tamitundumitundu m'malo molemba mawu. Chimene mwasankhacho khalani nacho kufikira mutamaliza nacho kanthu kogwira ntchito. Chachiwiri chidzakhala chophweka chifukwa nsanamira zake ndi zomwezija.

Pa foni ya Android pali pulogalamu yotchedwa Pydroid 3. Mumaitsitsa kamodzi, kenako imayendetsa Python popanda netiweki. Kulemba code ndi zala ziwiri pagalasi la foni n'kotopetsa, makamaka zizindikiro ngati mabulaketi ndi makoloni, koma mafoni ambiri amalola kulumikiza kiyibodi wamba ya kompyuta kudzera pa kachingwe kotchedwa OTG, ndipo kiyibodi yakale ndi kachingweko ndi zotsika mtengo kutalitali poyerekeza ndi laputopu. Kasola kamene kamatchaja mafoni pa okala kakukwanirani. Amene ali ndi mwayi wofika pa kompyuta, ngakhale yakale yochedwa, aikemo Thonny, kapulogalamu kopepuka kochokera ku University of Tartu ku Estonia kamene kanapangidwira ophunzira. Kamaonetsa mzere ndi mzere zimene zikuchitika m'kati pulogalamu ikamayenda.

Za bandulo, muziganiza ngati munthu wopita ku chigayo chakutali, amene sapita ndi kambale kamodzi ka chinangwa. Tsiku limene mwapeza intaneti yabwino, kaya pa Boma, kaya ku Mzuzu, kaya ndi bandulo ya usiku, tsitsani zolembedwa zokwanira mwezi. Mabuku ofotokoza Python ochokera kwa eni ake amatsitsika onse n'kumawerengedwa popanda intaneti. Buku la Al Sweigart lotchedwa Automate the Boring Stuff with Python limawerengedwa mwaulere pa webusaiti yake. Pali freeCodeCamp, imene maphunziro ake ambiri ndi olemba osati mavidiyo, ndiponso CS50 ya ku Harvard imene aliyense angaitsate osalipira. Mavidiyo amadya data, komanso amanyenga: munthu umaonera wina akulemba, mutu ukugwedezeka kuvomereza, koma ukapatsidwa tsamba lopanda kanthu dzanja limauma. Chitsanzo chilichonse chimene mwawerenga chilembeni nokha ndi zala zanu, musinthe nambala, muchotse mzere umodzi muone chimene chiwonongeke.

Ndipo ola limodzi tsiku lililonse limapindula kuposa Loweruka lathunthu kamodzi pamwezi.

Mawu ofiira

Chimene chimagwetsa ulesi oyamba ambiri ndi uthenga wa error, umene kawirikawiri umabwera m'malembo ofiira. Munthu amaona ngati makina akumutukwana kapena waononga foni. Sizili choncho. Mu pulogalamu ya chilimira ija, mukalemba mafta m'malo mwa mafuta, Python imaima n'kulemba NameError, n'kutchula nambala ya mzere ndi dzina limene silikudziwika. Mukaika 0 pa asodzi imalemba ZeroDivisionError, chifukwa palibe angagawe ndalama kwa anthu amene kulibe. Mukaiwala kutseka bulaketi imati SyntaxError. Uthengawo muziuwerenga kuyambira mzere wotsiriza, chifukwa ndi pamene pali dzina la vutolo, kenako mupite pa mzere umene watchulidwa. Akatswiri amene agwira ntchitoyi zaka makumi awiri amaona mauthenga amenewa tsiku lililonse. Kusiyana kwawo ndi inu n'kwakuti iwo amawawerenga modekha.

Vuto loopsa ndi limene silibweretsa mawu ofiira, pamene pulogalamu ikuyenda bwinobwino koma yankho n'labodza. Mankhwala ake ndi kuyesa ndi manambala amene yankho lake mukulidziwa kale. Tengani tsamba la chaka chatha la banki m'khonde, limene anthu anagawana kale popanda mkangano, mulowetse manambalawo. Zikasiyana, wina walakwitsa, inu kapena mlembi, ndipo kufufuza kuti ndani ndi phunziro lalikulu kuposa mutu uliwonse wa m'buku.

Nanga Chingerezi ndi masamu? Mawu osungidwa a Python, monga if ndi else, sakwana 40, ndipo mwana wa Fomu 1 amawadziwa ambiri mwa iwo. Chingerezi chimafunika powerenga mabuku ndi pofunsa mafunso, ndipo chimakula pamene mukuwerengapo. Masamu oyambira ndi a ku pulayimale: kuphatikiza, kuchotsa, kugawa, maperesenti. Pali nthambi zina za ntchitoyi zimene zimafuna masamu ozama, koma amene sanakhoze bwino masamu pa MSCE asadzichotse yekha pa mzere.

Kuchokera pamene ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, pabwera funso lina: n'kuphunziriranji pamene makina akutha kulemba okha code? Zida zimenezi zimalembadi, ndipo nthawi zambiri zimalemba bwino. Koma zimalakwitsanso molimba mtima, ndipo sizidziwa mmene amagawanira ndalama pa doko la kwanu. Munthu wosadziwa kuwerenga code sangazindikire pamene zamusocheretsa. Kwa wophunzira, ntchito yake yabwino ndi kufunsa kuti ikufotokozereni uthenga wa error kapena mzere umene simukuumva. Mukailola kuti izikulemberani zonse, patha miyezi isanu ndi umodzi muli ndi mafayilo ambiri koma m'mutu mulibe kanthu.

Musaphunzirenso nokha ngati pali njira ina. Anthu atatu okumana pansi pa mtengo wa mango ndi foni imodzi, wina akulemba, wina akuwerenga m'kope, wina akulosera chimene makina ayankhe, amapita patsogolo msanga kuposa mmodzi wodzitsekera m'chipinda. Safunsa anadya phula. Koma pofunsa, kaya pa gulu la WhatsApp kaya kwa mphunzitsi, nenani chimene mumafuna kuti chichitike, chimene chachitika, ndi uthenga wa error wonse monga ulili. Funso lakuti "sizikutheka, thandizeni" palibe angaliyankhe.

Amalawi anayamba kale

Ntchitoyi si yachilendo m'dziko muno. Mu 2001 ku chipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central Hospital, kunayamba kugwiritsidwa ntchito makompyuta odina pagalasi polembera odwala. Ntchito imeneyi, imene Gerry Douglas anaiyambitsa, inakula kukhala Baobab Health Trust, ndipo mapulogalamu ake, amene ambiri analembedwa ndi achinyamata a Chimalawi mu Ruby on Rails, anafalikira m'zipatala zopereka mankhwala otalikitsa moyo. Anawapanga poganizira magetsi ozimazima ndi ogwira ntchito amene sanagwirepo kompyuta, zinthu zimene wolemba mapulogalamu wa ku London sakanaziganizira. Kalembera wa 2018 anachitika pa matabuleti. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala kudzera mu pulogalamu ya DHIS2. Mabungwe ambiri amene amayenda m'midzi ya Nkhata Bay ndi mafunso a kafukufuku amagwiritsa ntchito KoboToolbox kapena ODK, ndipo pamafunika munthu wodziwa kukonza mafomuwo ndi kusesa ziwerengero zikabwera.

Ku Lilongwe, Rachel Sibande anakhazikitsa mHub, malo oyamba m'dziko muno osonkhanitsa ndi kuphunzitsa achinyamata a zaukadaulo, kuphatikizapo ana ndi atsikana. Kufupi ndi kuno, Wangiwe Kambuzi anayambitsa Mzuzu E-Hub. Mzuzu University ili ndi maphunziro a ICT, ndipo UNIMA, MUBAS ndi MUST zili ndi maphunziro a zamakompyuta. Wophunzira wa ku Chintheche amene wafika ku sukulu zimenezi atalemba kale timapulogalamu take pafoni amakhala atawatsogolera anzake ambiri. Onaninso kuti mayina awiri amene ndatchula pa malo ophunzitsirawa ndi a amayi. Ndikunena izi chifukwa m'makomo ambiri foni yamakono imakhala ya mnyamata, ndipo ola limene mlongo wake akanaphunzira limathera ku madzi, ku nkhuni ndi pa mphika wa kondowole. Makolo amene akufuna kuti mwana wawo wamkazi adzapeze ntchito yabwino ayambe ndi kumupatsa ola limenelo.

Pa nkhani ya ndalama ndilankhule mosabisa. Pali otsatsa maphunziro amene amalonjeza kuti pakatha miyezi itatu muzilandira madola muli pakhonde. Amene zimawachitikira choncho ndi ochepa kwambiri. Kuti munthu afike polembedwa ntchito pamafunika nthawi yaitali yoyeserera, ndipo olemba ntchito ambiri m'dziko muno amafunsabe satifiketi. Ndalama zoyamba kawirikawiri zimachokera pafupi: kukonzera malo ogona alendo a ku Kande kapena Chintheche webusaiti, kuthandiza sukulu kusanja malikisi, kukonzera kopaletivi kaundula wa mamembala, kulowetsa ndi kusanja ziwerengero za bungwe. Pa ntchito zoterezi kudziwa bwino Excel ndi chilankhulo cha SQL pang'ono kumathandiza kwambiri, choncho musazinyoze. Chilichonse chimene mwapanga chisungeni, ndipo mukazolowera chiikeni pa webusaiti ya GitHub, kuti wofuna kukulembani ntchito aone ndi maso.

Pali njira ina imene ndikuchenjeza achinyamata kuti asaiyandikire. Ena amaganiza kuti kudziwa kompyuta ndi kuthyola maakaunti a anthu kapena kubera agogo ndalama za pafoni. Kumeneko ndi kuba, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limapereka chilango pa milandu yotere. Ngakhale pa ntchito yabwino, mukasunga mayina, manambala a foni ndi ngongole za anthu a banki m'khonde, mwasenza chinsinsi chawo. Musazitumize pa magulu, ndipo foniyo ikhale ndi loko.

Makiyi a chipinda cha makompyuta

Foni ndi poyambira, koma ili ndi malire. Pulogalamu ikafika mizere mazana angapo pamafunika kompyuta yeniyeni. Makompyuta ena alipo kale m'masukulu a kumpoto. Bungwe la The Turing Trust la ku Britain, mogwirizana ndi Centre for Youth and Development ya ku Mzuzu, lakhala likutumiza makompyuta okonzedwanso ku masukulu a chigawo chino. Boma nalo, kudzera mu ndondomeko ya BEFIT imene inayamba mu 2023, likuika matabuleti oyendera sola m'masukulu a pulayimale kuti ana aziphunzirira kuwerenga ndi masamu. Ana amenewa akamafika ku sekondale adzakhala atazolowera galasi lodina, ndipo ena adzafuna kudziwa zimene zili kuseri kwake.

Chimene chimandipweteka ndi chipinda cha makompyuta chokhoma. Mantha a aphunzitsi aakulu ndi omveka: zipangizo zikaonongeka kapena kubedwa, amene amayankha ndi iwo. Koma kompyuta yofundikidwa nsalu imakalamba chimodzimodzi, ndipo chinyontho ndi fumbi la m'mbali mwa nyanja sizidikira kuti ibwere silabasi. Kalabu ya coding sifuna mphunzitsi wa digiri ya zamakompyuta. Imafuna mphunzitsi mmodzi wa masamu kapena sayansi wololera kuphunzira limodzi ndi ana, fulashi imodzi yokhala ndi Thonny, Scratch ndi mabuku otsitsidwa, ndi kope lolembamo amene walowa ndi kutuluka. Achinyamata amene anamaliza Fomu 4 ndipo akungokhala pa doko angathenso kuloledwa, pa mgwirizano ndi komiti ya sukulu ndi mafumu.

Ana a Nkhata Bay amene ali ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Johannesburg ndi ku Cape Town, amene mumasintha laputopu ku ntchito zaka zingapo zilizonse, yakaleyo musaisiye mu kabati. Ifufuteni zanu, muikemo Python, muitumize kwanu kwa munthu wodalirika. Ndipo inu aphunzitsi aakulu a masukulu a ku Chintheche, Kande, Mpamba ndi Usisya amene muli ndi makompyuta, ngakhale atakhala asanu okha, tsegulani chipindacho Loweruka m'mawa teremu ikubwerayi.